Kalembedwe ka Dayale pa Nthawi ya Mliri

Munthu aliyense amene anadutsa m'zaka za Covid-19 amadziona ngati akukumbukira bwino zimene zinachitika, koma mutamufunsa tsiku limene anavala masiki koyamba, kapena munthu womaliza amene anagwirana naye chanza anthu asanalangizidwe kuti aleke kutero, mudzaona akusowa chonena. Zikuluzikulu zimakhalabe m'mutu, pamene zing'onozing'ono, zomwe ndizo zinali moyo weniweniwo, zimafufutika pang'onopang'ono mwiniwake osazindikira. Dayale, lomwe ndi buku limene munthu amalembamo zochitika za tsiku ndi tsiku, imagwira zing'onozing'onozo zisanathawe. Palibe amene akudziwa nthawi imene mliri wina udzabwere, choncho ndi bwino kudziwiratu kalembedwe kake, ndipo ngakhale amene sanalembe kanthu pa mliri wapitawu ali ndi zimene angapulumutse.

Ambiri amakhulupirira kuti chinthu choopsa sichiiwalika, koma akatswiri a kaganizidwe ka munthu anapeza zosiyana ndi zimenezo. Chombo cha m'mlengalenga chotchedwa Challenger chitaphulika pa 28 Januwale 1986, Ulric Neisser wa pa yunivesite ya Emory ku America anapempha ophunzira, m'mawa mwake momwemo, kuti alembe kumene anali ndiponso zimene ankachita pamene ankamva uthengawo. Patapita zaka pafupifupi zitatu anawafunsanso mafunso omwewo, ndipo ambiri anafotokoza zosiyana ndi zimene analemba poyamba, chikhalirecho anali otsimikiza ndi mtima wonse kuti akukumbukira molondola. Ena ataonetsedwa pepala lolembedwa ndi dzanja lawo anakakamirabe nkhani yawo yatsopano. Ngati zili choncho ndi tsoka la tsiku limodzi, nanga bwanji mliri, umene umatenga miyezi ndi zaka, masiku ake n'kumafanana ngati madontho a mvula? Maganizo a munthu amasunga nthawi pogwiritsa ntchito zinthu zosiyanitsa tsiku lina ndi linzake, monga ulendo, msonkhano kapena mlendo, ndipo m'bindikiro umachotsa zonsezo nthawi imodzi.

Palinso chinthu china chimene chimatayika, chomwe ine ndimachiona kuti ndi chamtengo wapatali kuposa zonse, ndicho kusadziwa. Lero tikudziwa kuti bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalengeza pa 11 Malichi 2020 kuti nthendayi yasanduka mliri, ndipo tikudziwanso kuti pa 8 Disembala chaka chomwecho mayi Margaret Keenan anabayidwa katemera mumzinda wa Coventry ku England, n'kukhala woyamba kulandira katemera wa Pfizer kunja kwa kafukufuku. Koma munthu amene anali m'nyumba mwake mu Epulo 2020 sankadziwa ngati katemera adzapezeka n'komwe, sankadziwa ngati ntchito yake idzakhalapobe, ndipo ankapukuta chilichonse chochokera kunja posadziwa bwino mmene kachilomboko kamafalikira. Tikadziwa mathero a nkhani, mantha a pakati pake amachepa m'maganizo mwathu, ndipo timayamba kudzinamiza kuti tinkadziwa kale mmene zidzathere. Dayale yokha ndi imene imasunga munthu uja amene sankadziwa. Malangizo onse otsatirawa akuchokera pa mfundo imeneyi.

Za polembapo sizifuna kutalikitsa. Kope wamba wa chikuto cholimba ndi wokwanira, ndipo ndi wabwino kuposa dayale yosindikizidwa yokhala ndi malo ofanana pa tsiku lililonse, chifukwa masiku ena mudzafuna masamba anayi pamene ena mzere umodzi udzakukwanirani, komanso masamba opanda kanthu okhala ndi madeti osindikizidwa kale amaoneka ngati akukudzudzulani. Pensulo kapena bolopeni ya inki yakuda zimakhalitsa kuposa inki zamitundumitundu, zimene zimasuluka zikakhala padzuwa. Amene amakonda kulemba pafoni kapena pakompyuta angathe kutero, malinga ngati akusunga zolembazo m'malo awiri osiyana ndiponso akuzisindikiza papepala nthawi ndi nthawi, pakuti foni imatayika, imabedwa, imawonongeka, ndipo mapulogalamu ena olembera amatha kutsekedwa ndi eni ake. Amene kulemba kumawavuta, kaya chifukwa cha maso kapena manja, ajambule mawu awo pafoni, koma ayambe ndi kutchula deti asananene china chilichonse.

Deti ndiye msana wa dayale. Pamwamba pa zimene mukulemba tsiku limenelo ikani tsiku la sabata, deti, mwezi ndi chaka chonse, kenako malo amene muli ndi nthawi imene mukulemba. Chaka n'chimene anthu ambiri amasiya poganiza kuti n'chodziwikiratu, koma mliri wa Covid-19 unadutsa miyezi ya Malichi ingapo, ndipo tsamba longolembedwa kuti "14 Malichi" silidzauza wowerenga ngati linalembedwa anthu asanamve n'komwe za katemera kapena atabayitsa kale kawiri. Ngati muli pa m'bindikiro kapena mwapatulidwa chifukwa chokhudzana ndi wodwala, onjezani kuti ndi tsiku lachingati, mwachitsanzo tsiku lachisanu mwa masiku 14, chifukwa chiwerengero chimenecho chimanena zambiri za mmene mtima wanu unalili.

Funso limene limagwetsa ulesi anthu ambiri ndi lakuti alembe chiyani pamene palibe chimene chachitika. Yankho langa ndi lakuti musapikisane ndi manyuzipepala. Nkhani za boma, ziwerengero za dziko lonse ndi zolankhula za atsogoleri zikusungidwa kale ndi ena amene amadziwa bwino ntchito imeneyo, koma palibe wina aliyense padziko lapansi amene akulemba zimene zikuchitika m'nyumba mwanu. Samuel Pepys, mkulu wina wogwira ntchito ku ofesi ya asilikali apamadzi ku London, analemba dayale kuyambira mu 1660 mpaka mu 1669, ndipo mliri waukulu wa mu 1665 unamupeza ali pakati pa ntchitoyo. Pa 7 Juni chaka chimenecho analemba kuti anaona nyumba ziwiri kapena zitatu mumsewu wa Drury Lane zitalembedwa mtanda wofiira pachitseko, chizindikiro chakuti muli odwala, ndipo mantha atamugwira anagula fodya kuti azimununkhiza ndi kumutafuna. Mu Sepitembala analemba za wigi yake yatsopano imene ankaopa kuivala chifukwa anaigula kudera kumene kunali mliri, ndipo anadzifunsa ngati anthu adzagulenso tsitsi mliri ukadzatha, poopa kuti linametedwa pamitu ya akufa. Ziwerengero za omwalira a chaka chimenecho zikupezeka m'mabuku ena, koma mantha a munthu amene akuyang'ana wigi yake mokayikira sakupezeka kwina kulikonse.

Choncho lembani zimene maso anu aona ndi zimene makutu anu amva. Fotokozani mmene msewu wa pafupi ndi kwanu ukumvekera m'mawa poyerekeza ndi kale, zimene zasowa m'masitolo, mitengo ya zinthu zimene mumagula kawirikawiri, ndi mmene anthu akuimira pamzere. Lembani mmene mukugwirira ntchito kapena mmene ntchito yathera, amene akugona chipinda chiti tsopano, mmene ana akuphunzirira sukulu zitatsekedwa, ndi mikangano imene yabuka chifukwa chokhalira limodzi usana ndi usiku. Mu Epulo 2020 bungwe la UNESCO linawerengera kuti ophunzira oposa 1.5 biliyoni anakhudzidwa ndi kutsekedwa kwa sukulu, koma chiwerengero chimenecho sichinena kuti mwana wanu analira posowa anzake kapena kuti anakondwera sabata yoyamba n'kuyamba kufunsa za aphunzitsi ake sabata yachitatu. Mawu atsopano amene alowa m'kamwa mwa anthu alembeninso, pamodzi ndi nthabwala zimene zikuyenda, chifukwa mawu a mliri amabwera mwadzidzidzi n'kuchoka osatsanzika. Mukafuna kulemba kuti tsiku linali lovuta, dzifunseni kuti chinavuta n'chiyani kwenikweni, ndipo mulembe chinthucho m'malo mwa mawu akuti lovuta.

Pali chizolowezi chimodzi chimene ndikupempha kuti muchigwire mwamphamvu, ndicho kusiyanitsa zimene mwaona nokha, zimene mwauzidwa ndi zimene mukungoganiza. Nthawi ya mliri mphekesera zimathamanga kuposa nthendayo, ndipo mphekeserazo n'zoyenera kulembedwa chifukwa ndi mbali ya mbiri ya nthawiyo, koma zilembedwe monga mphekesera. Mukalandira uthenga wa pa WhatsApp wonena za mankhwala ena ake, lembani kuti mwaulandira, kuti wachokera kwa munthu wotani, kuti mwaukhulupirira kapena ayi, ndi chifukwa chake. Ngati munaukhulupirira, nenani zoona. Chimodzimodzinso ziwerengero za odwala ndi omwalira, mukazilemba tchulani kumene mwazitenga, pakuti ziwerengero zimasinthidwa pambuyo pake ndipo kuchepa kwa zipangizo zoyezera kumachititsa kuti za tsiku ndi tsiku zikhale zotsika kuposa zenizeni.

Kamodzi pasabata, kapena kamodzi pamwezi ngati nthawi ikuchepa, patulani tsamba loyankha mafunso omwewo osawasintha. Mafunso ake akhale onga awa: kodi ndikuopa chiyani kwambiri pakali pano, ndikuganiza kuti zimenezi zitha liti, ndikusowa chiyani chimene ndinkachita kale, ndipo n'chiyani chimene poyamba chinali chachilendo koma tsopano ndachizolowera? Funso lachiwirilo ndi limene lidzakudabwitseni podzawerenga, chifukwa mudzaona mmene chiyembekezo chanu chinkasunthira mwezi ndi mwezi, makamaka pamene mtundu watsopano wa kachilombo unkatulukira anthu atayamba kale kupumira m'mwamba, monga zinachitikira ndi Delta mu 2021 ndiponso Omicron imene inalengezedwa mu Novembala chaka chomwecho. Funso lomalizalo limagwira kusintha kumene munthu sakuona pamene kukuchitika. Tsiku loyamba kuona anthu onse atavala masiki munkadabwa, koma patapita miyezi itatu munkadabwa mukaona munthu wosavala, ndipo palibe tsiku limene mungaloze kuti kusinthako kunachitika pamenepa.

Musabwerere m'mbuyo kukakonza zimene munalemba. Lamulo limeneli ndi lovuta kulisunga, chifukwa palibe amene amakondwera kuona tsamba limene analembapo kuti nthendayi sidzafika kwawo, kapena limene ananyozapo munthu amene pambuyo pake anadzamuthandiza. Komabe tsamba lolakwikalo ndi limene lili ndi phindu lalikulu, pakuti likuonetsa zimene munthu wanzeru zake ankakhulupirira pa tsiku limenelo. Mukazindikira kuti munalakwitsa, lembani zimenezo pa deti la lero n'kutchula tsamba lakalelo, kapena lembani m'mphepete mwake ndi inki yosiyana n'kuikapo deti latsopano. Musang'ambe tsamba. Mukadumpha masiku kapena masabata, zomwe zimachitikira aliyense, musanamizire kuti munalemba pa masiku amene simunalembe. Yambirani pa tsiku limene mwabwerera, nenani kuti papita nthawi yaitali bwanji ndi chimene chinakulepheretsani, kenako fotokozani zimene mukukumbukira monga zokumbukira. Nthawi zambiri mpata umenewo umakhala pamene zinthu zinafika povuta kwambiri, ndipo wowerenga wam'tsogolo adzaumvetsa.

Matenda akalowa m'nyumba, dayale imakhala ndi ntchito ina yoonjezera. Lembani tsiku limene zizindikiro zinayamba, kaya ndi chifuwa, kutentha thupi, kubanika kapena kusamva fungo ndi kukoma kwa chakudya, ndipo ngati muli ndi choyezera kutentha kwa thupi lembani zimene chikuonetsa m'mawa ndi madzulo. Onjezani mankhwala amene wodwala wamwa ndi nthawi yake, tsiku loyezetsa ndi zotsatira zake, anthu amene munakumana nawo masiku angapo zizindikiro zisanayambe, komanso tsiku ndi mtundu wa katemera amene munabayitsa. Wachipatala akafunsa kuti matenda anayamba liti, munthu wotopa ndi wamantha amasokoneza masiku, koma tsamba silisokoneza. Ndi bwino kuika zimenezi kumapeto kwa kope kuti muthe kuonetsa dokotala popanda kumuonetsa zakukhosi kwanu. Kulemba sikulowa m'malo mwa kupita kuchipatala, ndipo wodwala akayamba kubanika siyani cholembera mufunefune thandizo msanga.

Za imfa ndi chisoni ndikufuna ndinene mofatsa. Mliri unalanda anthu ambiri mwayi wokhala pambali pa wodwala wawo ndi wotsanzikana naye, ndipo ena anaonera maliro a makolo awo pafoni ali kutali. Chisoni chotere chimasowa kopita, ndipo pepala limatha kuchilandira. Lembani dzina la womwalirayo, mawu omaliza amene munalankhulana, amene anakuuzani uthengawo ndi mmene anakuuzirani, ndiponso zimene munkafuna kunena koma simunapeze mpata. James Pennebaker, katswiri wa kaganizidwe ka munthu wa ku America, anayamba m'zaka za m'ma 1980 kufufuza zimene zimachitika anthu akamalemba za zowawa zawo kwa mphindi 15 kapena 20 pa masiku atatu kapena anayi otsatizana, ndipo anapeza kuti ngakhale ambiri ankamva chisoni atangomaliza kulemba, pambuyo pake zinkawathandiza. Koma si aliyense amene amathandizidwa motero, ndipo palibe chokukakamizani kulemba za bala limene likadali laliwisi. Mukaona kuti masamba anu akungozungulira pa maganizo amodzimodzi amdima, tulo tikusowa ndipo mtima ukulemera kuposa kale, tsekani kope mukalankhule ndi munthu amene mumamudalira kapena mlangizi wa zaumoyo. Pa masiku otere n'zokwanira kulemba deti ndi mzere umodzi wonena kuti lero simungathe kulemba.

Zabwino nazo musazibise chifukwa cha manyazi. Anthu ena anapeza mpumulo pa nthawi ya m'bindikiro, anayanjananso ndi abale amene anasiyana nawo kalekale, kapena anadziwana bwino ndi ana awo, ndipo ankaopa kunena zimenezo pamene anzawo akulira. Dayale imene muli misozi yokhayokha ndi yosakwanira mofanana ndi imene muli chimwemwe chokhachokha.

Mawu a anthu ena amalemeretsa dayale. Mwana wamng'ono akafunsa funso lokhudza mliri, lilembeni monga walinenera osalikonza, n'kutchula zaka zake. Okalamba amene anaonapo miliri ina afunseni kuti akuyerekeza bwanji nthawi ino ndi zimene anaona kale. Koma kumbukirani kuti matenda a munthu ndi chinsinsi chake, ndipo kope angathe kugwera m'manja mwa aliyense. Polemba za mnansi kapena mnzanu wakuntchito amene wadwala, chilembo choyamba cha dzina lake n'chokwanira, ndipo musanajambule mawu kapena chithunzi cha munthu muyambe mwamupempha. Pepys analemba dayale yake m'kalembedwe kachidule kamene anthu wamba sankatha kuwerenga, ndipo inasindikizidwa koyamba mu 1825, patapita zaka zoposa 100 iye atamwalira. Inu simufunika kufika pamenepo, koma pezani malo osungira amene angakupatseni mtima wolemba zoona.

Pakati pa masamba mungasungemo zinthu za nthawiyo, monga chikalata cha katemera, kalata yochokera kusukulu kapena kuntchito, chilolezo choyendera, chojambula cha mwana, ndi zithunzi zimene mwalemba kumbuyo kwake deti ndi mayina. Malisiti a m'masitolo ambiri amasindikizidwa papepala limene zilembo zake zimafufutika pakapita nthawi, choncho koperani zolembedwazo m'kope mwanu. Selotepi imasanduka yachikasu n'kudetsa pepala, ndipo ndi bwino kuika zinthuzo mu envulopu yomatidwa kuchikuto. Kope akadzaza, lembani pachikuto deti loyamba ndi lomaliza, mumupatse nambala, ndipo mumusunge pouma, kutali ndi dzuwa, chinyontho ndi chiswe.

Anthu ambiri amasiya kulemba zinthu zikangoyamba kubwerera mwakale, ndipo pamenepo amataya gawo limene limalembedwa mochepa kuposa onse. Mliri umayamba ndi chilengezo koma sutha tsiku limodzi. Bungwe la WHO linalengeza pa 5 Meyi 2023 kuti Covid-19 siilinso vuto ladzidzidzi la dziko lonse, koma munthu aliyense anali ndi tsiku lakelake limene mliri unatha kwa iye, ndipo kwa amene akuvutikabe ndi zotsalira za nthendayi tsikulo silinafike. Lembani za ulendo woyamba, tsiku loyamba kukhala m'gulu la anthu opanda masiki ndi mmene thupi lanu linamvera, zizolowezi zimene mwazisunga ndi zimene mwazitaya, komanso mipando imene yatsala yopanda eni ake. Chimfine cha mu 1918 chinapha anthu pafupifupi 50 miliyoni, koma chitangotha anthu ambiri sanafunenso kuchikamba, ndipo olemba mbiri akhala akudalira kwambiri makalata ndi madayale a anthu wamba kuti amve mmene moyo unalili. N'chifukwa chake malo ena osungira zakale, monga Mass Observation ku yunivesite ya Sussex ku England, amene amapempha anthu kulemba za tsiku la 12 Meyi chaka chilichonse, analandira madayale masauzande angapo mu 2020.

Ngati simunalembe kalikonse pa nthawi ya Covid-19, yambani lero ndi zimene zatsala. Tsegulani zithunzi za mufoni ndi mauthenga akale, chifukwa zonsezo zili ndi madeti, ndipo muzigwiritse ntchito ngati zikhomo zomangirirapo zimene mukukumbukira. Yambani mwalemba nokha musanafunse abale anu, kenako muwafunse mmodzimmodzi n'kulemba zimene anena ngakhale zikutsutsana ndi zanu. Pamwamba pake nenani momveka kuti zimenezi zalembedwa patapita zaka, ndipo paliponse pamene mukukayika lembani kuti mukukayika.

Chotsala ndi kuganizira za amene adzawerenge. Pa mliri woopsa wa m'zaka za m'ma 1340, m'bale wina wachipembedzo wa ku Kilkenny m'dziko la Ireland, dzina lake John Clyn, analemba zimene ankaona anzake akufa momuzungulira, ndipo chakumapeto ananena kuti akusiya zikopa zolembapo kuti wina adzapitirize ntchitoyo ngati padzakhale wopulumuka. Inunso siyani masamba angapo opanda kanthu kumapeto kwa kope womaliza, kuti mudzalembepo mukadzawerenganso patapita zaka zisanu kapena khumi, kapena kuti adzalembepo mwana amene pa nthawiyo anali wamng'ono. M'kati mwa chikuto lembani dzina lanu lonse, chaka chimene munabadwa, mayina a amene munkakhala nawo m'nyumba, ndi chifuniro chanu chokhudza kopeyo: amene mukumulola kuwerenga, nthawi imene angayambe kuwerenga, ndiponso ngati mukuvomera kuti adzaperekedwe kumalo osungira zakale inu mutachoka.